Khoma Sililipiritsa Lendi

Shedi yanga ya pa Luchenza kale inkasunga matumba a feteleza.
Ndi yaikulu moti ukaitana munthu ali kumapeto
mawu amafika atatopa.
Koma chaka chatha, mvula ili pakati, ndinasowa poponda.
Matabwa a bulugama pansi, a paini pansi,
mabedi osatha, miyendo ya mipando ya anthu osalipira.
Pulena ndinaifuna kuyambira m'mawa
n'kukaipeza masana itabisala mu utuchi
ngati mwana wothawa sukulu.

Kenaka msomali wa mainchesi anayi
unaboola patapata wa Mukhito, mnyamata wophunzira ntchito,
n'kukaima m'kati mwa phazi.
Namwino potsuka bala anandiyang'ana:
bambo, ntchito yanuyi mumagwirira kudzala?

Ndinakwera minibasi wa ku Limbe kukafunsa mashelefu achitsulo.
Wogulitsa atatchula mtengo ndinacheuka,
ndimayesa akuuza wina za njinga yamoto.
Ndinabwerako ndi fumbi m'tsitsi
ndi kapepala ka mitengo, komwe ndinakolezera mbaula.

Pakhomo pa shedi pamakhala Felesiya Nampinga wa nthochi.
Malo ake ndi ochepa ngati mphasa yopinda,
koma mikoko isanu ndi iwiri imalendewera pa chingwe chimodzi.
Anasuzumira m'kati, akusenda nthochi yake yomwe:
A Mulepa, pansi mpoyenda anthu.
Kodi khomali limakulipiritsani lendi?

Sindinayankhe. Ndinayang'ana m'mwamba
koyamba m'zaka zisanu ndi zinayi.
Mitanda ya denga inali phee, yopanda ntchito,
akangaude okha ndiwo ankaikapo katundu.

Tinakadula nsungwi m'mbali mwa Thuchila.
Tinagula mabokosi akale a tiyi kwa mlonda wopuma ntchito,
lililonse pa mtengo wa Fanta,
n'kuwakhoma kukhoma, kamwa kuyang'ana kuno.
Mabotolo a Sobo tinawadula pakati:
umu misomali, umu masikuluwu, umu mahinjesi a dzimbiri
omwe mtima ukukana kutaya.
Matayala akutha a njinga za kabaza
tinawapachika ku mitanda awiriawiri,
matabwa aatali n'kugona m'menemo ngati m'machira.
Mgolo wobooka unalandira zidutswa zoimirira.

Musandiyese katswiri.
Thandala loyamba linagwa usiku wa chiperoni,
chingwe cha khonje chitanyowa n'kulekerera.
Galu wa a Khoviwa anauwa mpaka mbandakucha,
ine ndinataya matabwa atatu ndi tulo.
Tinamanganso ndi waya.

Mukhito, phazi lili m'bandeji, anatenga khala
n'kujambula chida chilichonse pomwe chapachikidwa:
sowo, hamala, sikweya, tchizulo.
Tsopano chida chikachoka chimasiya chithunzi chake pakhoma.
Chithunzi cha kilampu yomwe anabwereka mlamu wanga
chakhala chikumudikira miyezi inayi,
ndipo akabwera kudzacheza amakhala chofulatira khomalo.

Titasesa, simenti inaoneka.
Ndinali nditaiwala kuti ndi yofiira.
Pakona pali mapazi a nkhuku
yomwe inayendapo simenti ili yaiwisi, ine ndisanabadwe.
Tinaima tonse awiri n'kumaiyang'ana njira yake,
mpaka pomwe inasintha maganizo n'kubwerera.

Sabata yatha aphunzitsi aakulu anabwera ndi oda ya madesiki makumi atatu.
Tawandanda onse pansi, mizere itatu,
pakati n'kutsala njira yoti wilibala idutse.
Mukhito akuyendamo wopanda nsapato, akutsimphinabe pang'ono.

Felesiya ndinamukhomera kampando ka mbawa, kaulere.
Amakhalira tsiku lonse, osathokoza kawiri.
Dzuwa likapendeka amakapukuta ndi chitenje,
n'kukapachika pa msomali wanga,
pakhoma langa,
osalipira lendi.