Zombo za Herminia

Mkazi wanga sayamba kulemba
asanadziwe kuti padoko pagona zombo zingati.
Zaka makumi atatu ndi zinayi tsopano
pano pa Cerro Barón, m'nyumba ya malata achikasu
yopendekera kunyanja
ngati ikutchera khutu miseche ya Valparaíso.

Amaziwerenga ziwiriziwiri.
Chikatsala chimodzi chopanda mnzake, tsikulo ndi lake.
Zikakwanirana, amatseka kope
n'kutsetsereka kukakangana ndi ogulitsa nsomba.
Akuti nkhani imabadwa pamene wina watsala yekha.

Zikanakhala zokhazo!
Nsapato amavula ya kumanzere, ya kumanja ayi.
Pensulo amasongola ndi mpeni wosendera mbatata,
tizipalo take n'kusunga m'chitini cha tiyi;
zitini zakwana zisanu ndi ziwiri,
ndipo tsoka kwa amene adzazitaye.
Tsamba loyamba la buku lililonse
limagona m'firiji usiku umodzi, pansi pa batala,
kuti mabodza aundane, aonekere.
M'mawa wina ndinapeza chiganizo chake chitadindika pa batalapo,
ndinapaka pa buledi, ndinadya.
Sanandiyankhule mpaka Lachisanu.

Munthu wa m'nkhani akaumitsa khosi, osafuna kutsegula pakamwa,
Herminia amamutengera ku chikepe cha paphiri,
kutsika, kukwera, kutsika, kukwera,
milomo ikugwedera yokha,
mpaka Don Evaristo wa pachipata anasiya kumulipiritsa,
amangofunsa: wayankhula?

Kenaka ng'ala inamugwera m'maso.
Doko lonse linasanduka mkaka.
Anaima pawindo nthawi yaitali, phazi limodzi lili pa simenti,
n'kuti, Baldo, werenga.

Ine amene ndinakalambira ku kasitomu
osasokoneza nambala ngakhale imodzi,
ine amene anzanga ankanditcha Sikelo,
ndinayamba kunama.
Zikakhala khumi ndi ziwiri, ndinkati khumi ndi zitatu.
Zikakhala zisanu ndi chimodzi, ndinkabisa china kuseri kwa kireni.
Tsiku la namondwe, doko lili mbee,
ndinati chimodzi, chaching'ono, cha dzimbiri,
ndipo analemba mpaka nyali za mumsewu zitazima.
Mabuku awiri atuluka m'bodza langa.
Lachiwirilo anthu amati ndi loona kuposa onse.

Koma chikumbumtima ndi nsabwe ya m'chovala.
Lolemba lapitali ndinati basi,
nkhalamba isafe ndi ngongole ya zombo.
Ndinayang'ana, ndinawerenga, ndinanena zoona:
khumi ndi zinayi.

Zii.
Pensulo ili m'mwamba ngati mlomo wa vuwo.

Werenganso.

Khumi ndi zinayi, Herminia.

Anatembenuka ndi maso ake a chifungawo
n'kundipeza ndendende pomwe ndinaima.
Baldomero, anatero, iwe ukafuna kunama
umayamba watsokomola, kawiri, kachiwiriko pang'ono.
Unatero tsiku lomwe unati diresi yobiriwira ija ikundikhala.
Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikudikira chifuwa chakocho.
Zombo ndinazisiya kalekale, zipite kwawo.
Tsokomola, mwamuna iwe, dzuwa likukwera,
ndasiya mkazi pa masitepe atanyamula sutikesi
ndipo sindikudziwa ngati akupita kapena akubwera.

Ndinatsokomola.
Kawiri.
Nsapato inagwa, phu,
mpeni wa mbatata unayamba ntchito yake.

Izi ndalemba ine, munthu wa manambala,
kuseri kwa risiti ya gasi,
pakhonde, iye ali mkati kukokera mkazi uja m'nyumba.
Sindikhulupirira zamatsenga, sindinayambe ndazikhulupirirapo.
Kungoti pofika mzere uno
ndaona kuti phazi langa lamanzere likuzizidwa,
silipasi ili uko, pafupi ndi mphaka,
sindikumbuka kuti ndavula liti.

M'firiji malo alipo.
Ndasuntha batala pang'ono.