Mamita Atatu

Kachipangizo m'dzanja kakuti: mamita makumi anayi.
Ndikukwera Kopje, thukuta kamukamu,
Ndaziona m'mbuyo akudandaula nsapato zake zatsopano.

Muvi pagalasi ukunjenjemera,
uloza kumpoto, kenaka usintha maganizo
ngati kondakitala wa kombi ya ku Mbare.

Mamita atatu.
Apa setilaiti yasamba m'manja,
zotsala n'za maondo ndi zala.
Tivundukula miyala, linthumbu litiluma,
mlonda atiyang'ana ngati akuba mawaya.

Si ako, kuseri kwa muzu wa jakaranda!
Kachitini ka polishi, kadzimbiri.
M'katimo batani, kobiri losagulanso kanthu,
ndi kapepala konyowa ka maina.
Wina anasaina m'Juni:
"Chimphepo wa ku Mabvuku, kwathu n'ku Ntcheu."

Ndaziona akuomba m'manja.
Ine ndangoti zii.
Bambo agona ku Warren Hills chaka chachisanu ndi chinayi,
chikwangwani anazula ogulitsa zitsulo,
udzu unafufuta mzere,
ndipo tsiku lija palibe anaganiza zosunga manambala.

Cholembera chikukana, ndichinyambita.
Ndilemba dzina lawo m'malo mwa langa,
nditseka kachitini,
ndibwezera mwala mmene unalili.