Diso la Pakhomo

Tinasonkha mu Febuluwale, mvula ili pakati,
mabanja asanu ndi atatu, khomo limodzi ku Matawale,
masitepe amodzi onunkha sopo ndi makala.
Njinga ya a Namalomba inali itapita,
nsapato za ana a mayi Nasoko zinayenda zokha usiku,
ngakhale ndowa yong'aluka kukamwa
wina anaiona ngati chuma.

Ndiye tinagula diso.
Mnyamata wa ku Chinamwali anabwera ndi makwerero obwereka,
nalikhoma pamwamba pa chitseko chachitsulo:
kabokosi koyera ngati dzira la bakha,
kopanda waya, kopanda mchira,
kodya dzuwa masana ndi kambale kake kakuda
kuti magetsi akathima, monga mwa mwambo wawo,
iko kasaphethire.

Foni anasankha yanga.
Ati ndine mphunzitsi, sindinama, ndipo bando ndimagula.

Mwezi womwewo tinawauza Che Ajusa kuti zikomo.
Zaka zisanu ndi chimodzi pa kampando kunsi kwa masitepe,
chikhoti chausilikali, tochi, wailesi yomanga ndi mphira.
Tinati ndalama sizingakwane pawiri.
Anapinda saka lawo, natigwira chanza mmodzimmodzi.
Ine ndinayang'ana kuphiri
kumene nkhungu inali kutsika ngati ili ndi uthenga.

Tsopano foni imanjenjemera m'thumba ndili pa bolodi:
pali munthu pakhomo.
Ndi mayi wa mabulosi akuphiri.
Ndi pusi, mango kukamwa.
Ndi jumbo chabe, mphepo ikuivinitsa.
Wakuba sanabwerenso,
koma ndadziwa zomwe sindinafunse.

Namwino wa nambala folo akaweruka usiku
amayamba wakhala pa sitepe yoyamba, nsapato m'manja,
mapewa akugwedezeka,
kenako amapukuta nkhope, n'kukwera kwa ana ake akumwetulira.
Mnyamata wa ku Chanko amatuluka ndi mabuku
n'kukhotera komwe kulibe kalasi.
A Namalomba amamatirira kuseri kwa chitseko
wakatapila akamagogoda.
M'mawa ndimati mwadzuka bwanji, maso pansi,
ngati njinga ija ndinaba ndine.

Che Ajusa zonsezi ankazidziwa.
Ankazisunga m'chikhoti chija, zinkatuluka nawo mbandakucha.
Namwino akakhala pa sitepe ankakweza wailesi pang'ono
n'kutembenukira kukhoma.
Diso lathu silidziwa kutembenuka.
Silitsokomola kuti udziwe kuti pali munthu.

Lachiwiri lapitali, cha m'ma thu koloko usiku,
foni inandidzutsa.
Chithunzi chotuwa, madontho a mvula ngati mpunga wotayika,
ndi munthu, chikhoti mpaka m'mawondo, waima pakhomo pathu.
Pakamwa panauma. Chala chinafuna nambala ya polisi.
Anagwedeza chitseko kawiri,
kawiri ndendende, monga ankachitira zaka zonse zija.
Chinali chosakhoma.
Womaliza kulowa ndinali ine, makope a ana kukhwapa.

Anakhoma loko.
Anadzutsa mutu, maso akuwala ngati a mphaka,
nakweza dzanja pang'ono,
moni wa mlonda kwa mlonda mnzake,
natsika kubwerera ku golosale ya pakona
komwe ndamva amagona pakhonde tsopano
pa theka la zomwe tinkawapatsa.

Tulo sitinabwerenso.
Ndinabweza kanema uja kasanu,
masekondi makumi awiri ndi atatu,
mpaka muazini wa kumzikiti anaitana
ndipo akabaza anayamba kuliza mabelu mumsewu.

M'mawa a Namalomba, mswachi kukamwa, anafunsa:
aphunzitsi, kaona chiyani usiku kadiso kathu?
Ndinati palibe, mphaka basi.

Msonkhano wa alendi uli Loweruka.
Ndalemba pa kapepala: sopo wa m'masitepe, babu wakufa, bando.
Pansi pake ndalemba dzina,
ndafufuta,
ndalembanso ndi pensulo.