Chipsera cha Khoma

Yotamu anabwerako ku Joni ndi chikwama chimodzi
ndi chithunzi m'foni:
nyumba yopanda khoma pakati,
wophika, wakudya ndi wocheza
onse m'chipinda chimodzi ngati holo ya tchalitchi.
Anati, "Anzathu akukhala chonchi.
Ife tadzitsekera m'timabokosi ta machesi."

Loweruka a Kachingwe anafika ndi chihamala.
Anagogoda khoma lija ndi chala
ngati munthu wosankha chivwende pamsika wa Kaphatenga,
nafunsa kawiri, "Mayi, mwavomera?"
Ndinali ndi mwana kumbuyo.
Ndinangoti, "Funsani eni ake."
Pofika masana njerwa zinali mulu panja,
njerwa zomwe ndinazitungira madzi
ndili ndi pakati pa Siyileni,
mjigo uli kutsidya kwa msewu.

Sabata yoyamba ndinadziwa zomwe khoma linkandisungira.
Linkasunga mbale zogona.
Linkasunga bonya wa mwezi ukapita patali
kuti mlendo aziyesa mwina n'chambo.
Tsopano abusa akakhala pasofa
amawerenga nane tomato: mmodzi ndi theka.
Utsi wa mbaula wapeza njira ya kumakatani,
chithunzi cha ukwati wathu chada kumaso.

Kenaka apongozi aamuna anabwera kuchokera ku Khombedza
kudzaonetsa maso kuchipatala.
Ine ndidyere pati?
Chikwatiwire sanandionepo ndikutafuna.
Masiku anayi ndinadyera kuseri kwa bafa, choimirira,
nkhuku zikundiyang'ana kukamwa.
Nawonso manyazi, maso kudenga,
ngati alembedwa ganyu yowerenga misomali ya malata.

Siyileni amawerengera mayeso zala zili m'makutu
bambo ake akukalipira mpira pakanema.
Ndipo tsiku lomwe unafika uthenga wa achemwali anga
ndinasowa polirira.
Ndinadula anyezi atatu
amene ndiwo sizinkawafuna.

Koma ndisaname.
Okutobala wa ku Salima mukumudziwa,
uja amasungunula sopo pawindo.
Chaka chino mphepo ikulowera khomo lakumaso
n'kutulukira lakuseri osaodira munthu,
usiku tonse timayala mphasa pakati pomwepo.
Mwatitha anaponya phazi lake loyamba ndikukazinga mtedza,
dede, dede, mpaka kudzagwira chitenje changa.
Ndinaona ndi maso angawa, sindinachite kuuzidwa.
Ndipo Yotamu, amene ankayesa kuti chakudya
chimangotulukira pakhomo chili kale m'mbale,
waona tsopano maola amene chimadya
chisanadyedwe.
Dzana ndinamupeza akukwecha poto,
atatseka mawindo kuti anzake a bawo asamuone.

Pansi patsala mzere,
simenti yatsopano pakati pa yakale,
chipsera chochoka uku kukafika uko.
Ana amachilumpha posewera.
Ine phazi langa limaimabe pamenepo,
dzanja n'kumafufuza chitseko m'malere.

Lero ndagula waya ndi misomali iwiri.
Ndapachika zitenje zitatu,
zija anatigawira pa kampeni, zomwe sindivala.
Yotamu wayang'ana, wati, "Khoma labweranso?"
Ndati, "Ili ndi langa.
Silinadye thumba la simenti, ndipo limamva.
Apongozi akabwera litseka,
mphepo ikabwera litsegula,
ndikafuna kulira silifunsa chifukwa."

Sanayankhe. Wakhala pasofa,
wayatsa kanema, wazimitsanso.
Mafuta akulira m'chiwaya,
Mwatitha akubisala m'nsalu n'kumasuzumira.
Patapita kanthawi ndamva mapazi
akuima pachipsera paja,
ndi mawu otsika, a munthu wofika pakhomo pa eni:

"Odi kumeneko.
Tilowe?"