Malamba a Achimwene

Chikwama ichi chinazolowera msana wina.
Zaka zisanu ndi ziwiri chinkakwera phiri la Zomba
chitaberekedwa ndi achimwene a Fanuwelo,
munthu wamtali ngati mlongoti,
alendo ali pambuyo pawo, wefuwefu.

Lero ndachibereka ine, mlongo wawo wamfupi.
Chikundimenya m'matako ndikangoponya phazi,
malamba akudya mapewa,
khosi lauma gwa,
chonsecho damu la Mulunguzi sitinalione n'komwe.

Ajasi, mnzawo uja ankayenda nawo,
waima pansi pa mtengo wa paini.
"Tula," akutero. Ndatula.
Akutulutsa zonse n'kuyala pa udzu wa mame:
botolo la madzi limene ndinalisanjika pamwamba,
mbatata zophika, juzi, tochi, bulangete.
"Zofewa pansi.
Zolemera pakati, zigunde msana ngati khanda.
Cha mvula pamwamba, phiri ili silichenjeza."

Kenako dzanja lake lapita pa lamba wa paphewa.
"Pamenepo ayi," ndikutero.

Pamenepo pali mzere.
Lamba anapindika malo amodzi, nayera ndi mchere wa thukuta,
pomwe kachomangira kanagona zaka zonsezo.
Ndiwo muyeso wa mapewa awo.
Nsapato tinagawa, malaya tinagawa,
foni inapita kwa amalume ku Chinamwali.
Chatsala chosasuntha ndi mzere uwu.

Ajasi sakuyankha. Akuyang'ana nyani patsidya.

Akutsika amayi atatu, mitolo ya nkhuni pamutu,
yaitali kuposa khomo la nyumba.
Wotsiriza waima kuti akonze nkhata,
maso ake pa mapewa anga otupa.
"Iwe, mwana wa mnzako ukam'bereka,
mfundo ya nsalu umamanga wekha."
Wapita, osatembenuka,
nkhuni zikuvomera m'mbuyo mwake.

Ndakhala pa mwala nthawi ndithu.
Mbatata imodzi ndadya, yozizira.

Kachomangira ndakasuntha ndekha.
Kanakana poyamba, kenako khwee,
kudutsa mzere uja
monga basi idutsa pa siteji yakwanu usiku.

"Khwefula onse," akutero Ajasi. "Bereka.
Weramira kutsogolo pang'ono.
Yamba wa m'chiuno. Pamimba ayi,
papasa fupa ili. Apo. Kunga."
Ndakunga, ndipo katundu watsika
kuchoka m'khosi kukakhala m'chiuno,
mapewa adabwa ngati wangongole wokhululukidwa.

"Tsopano a m'mapewa, kokera pansi.
Basi! Usachite ngati ukumanga mbuzi.
Chala chizilowa.
Tiwiri ta pamwambati tikokere kutsogolo,
chikwama chisamakusuzumire kumbuyo.
Ka pachifuwa n'kongoletsa malamba kuthawa.
Puma kwambiri. Mpweya ukulowa?"
Ukulowa.
"Dumpha."
Ndadumpha. Chikwama chadumpha nane, phee,
osagwedera, osalankhula.

Koma taonani zotsalira.
Nsonga za malamba zili lende mpaka m'ntchafu,
zikhatho ziwiri mbali iyi, ziwiri mbali iyo:
kutalika kumene achimwene ankandiposa.
Ajasi watulutsa mpeni.
"Ayi," ndikutero kachiwiri,
ndipo ulendo uno akuseka.
Tazipinda bwinobwino
n'kuzimanga ndi mphira wa legeni.

Tikukwera.
Mnyamata wa mabulosi akutiitana ndi mbale yake,
tauni yatsala pansi, malata ngati mamba a usipa.
Pa chitunda cholimba ndakhwefula chiuno pang'ono,
potsetsereka ndakunganso,
popanda wondiuza.

Chakumtunda, kufupi ndi dzenje la Chingwe,
nkhungu yatipeza.
Ndapisa dzanja kumbuyo kufuna cha mvula
ndipo m'kathumba ka pamwamba
ndapeza switi imodzi ya ginja,
yomatirira ku pepala lake.
Sindinaiike ine.

Ajasi wagawa pakati ndi mpeni uja.
Mzere woyera tsopano uli panja, pa nthiti zanga,
ukundigunda pang'onopang'ono ndikamayenda.
Msana watuluka thukuta.
Mzere wina wayamba.