Masilipasi a Madame Thibodeau

Basi yoyamba imandinyamula kusanache,
tizingwe m'makutu,
wayilesi ikukhuthula Chifalansa ngati mpopi wothyoka.
Ndimatapako pang'ono: mtengo wa mafuta, kuzizira kwa mawa.
Zina zonse zimangopita ndi ngalande.
Zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri.
Lilime langa linaumira m'Chisipanishi cha ku Cali,
ndiye lero ndilipinde ngati waya?

Ku nyumba ya okalamba ya ku Sherbrooke,
chipinda chakumapeto, pafupi ndi zenera,
kuli Madame Thibodeau, mphunzitsi wopuma
amene choko sichinawachoke m'zala.
Tsiku loyamba anati masilipasi awo ndiike dessous.
Ine ndinamva dessus.
Ndinawakhazika pamwamba pa bedi, pambali pa pilo, mwaulemu wonse.
Anaseka mpaka mano oikirira anagwedera.
"Nubia, uku ndi pansi, uku ndi pamwamba.
Songola milomo ngati ufuna kuimba mluzu."
Pansi ndi pamwamba,
kusiyana kwake kampweya chabe!

Ndinkayeserera m'bafa ndikutsuka mabeseni,
galasi likundiyang'ana ngati ndapenga.

Réjean wa kukhitchini amayankhula ngati akuthamangitsidwa,
theka la mawu amameza ndi khofi.
Ine ndinkangoti oui, oui, kumwetulira,
mpaka ndinavomera osadziwa
kugwira ntchito Loweruka ndi Lamlungu lomwe.
Lolemba lake ndinamugwira mkono:
bwereza, pang'onopang'ono, sindinamve.
Manyazi sanandiphe.
Anabwereza, nawonjezera mawu awiri otukwana,
akuti ndisunge, adzandithandiza basi ikachedwa.

M'thumba la yunifolomu muli kabuku konyowa m'makona.
Mawu atatu patsiku, otola m'khonde ngati makobidi ogwa.
Ena ndinalemba molakwika, ndipo ali choncho mpaka lero.

Chisanu chachiwiri chitafika
Madame anayamba kutaya.
Choyamba dzina la mdzukulu.
Kenako masiku a sabata, limodzilimodzi.
Ine kabuku kakudzaza, iwo nkhokwe ikutha,
ngati ndinkawabera usiku.

M'mawa wina phala lili patebulo, likuzizira.
Chala chawo chikuloza, chikunjenjemera.
"Ndipatse... chija... chija chija..."
Maso akusakasaka padenga.
Ndinachinyamula, ndinachiika m'dzanja lawo.
"La cuillère, Madame."
Supuni.
Liwu lomwe anandibwerezetsa kakhumi chaka chatha,
akuti r atuluke kukhosi,
mpaka ndinatsokomola misozi.

Analigwira m'kamwa kanthawi, ngati siwiti.
"Cuillère," anatero.
Anadya masupuni atatu.
Kenako osandiyang'ana n'komwe:
"R wakoyo akadali wa kwanu."

Madzulo m'basi, mawindo atachita nkhungu,
munthu wa pawayilesi ananena kanthu
za apongozi ake ndi fosholo yokumbira chipale,
ndipo ndinangozindikira ndaseka, mokweza,
ndisanatembenuzire m'Chisipanishi.
Mnyamata wa pampando wakutsogolo anacheuka.
Ndinapitirira siteji yanga.

Ndikuyenda kubwerera, mapazi akumira m'chipale,
ndinakumbuka kuti pochoka
masilipasi ndinawasiya pansi pa bedi,
mphuno zake zitaloza kukhomo,
momwe amafunira,
ngakhale sanenanso.