Masekondi Asanu ndi Anayi

Kamera tili nayo imodzi,
ana makumi atatu ndi awiri.
Miyendo yake itatu tidadula ku nsungwi za kuseri kwa labu,
tidamanga ndi chubu chakutha cha kabaza,
ndipo imaima mopendekera
ngati munthu womvetsera za eni.

Lachitatu, belu la kuweruka likangolira,
ndimabwereza zomwezomwezo:
dzuwa likhale kumsana kwako,
ukapanda kutero ubwera ndi mthunzi wolankhula.
Manja awiri. Zigongono m'nthiti.
Mayeso, phiri la Mulanje silikuthawa,
leka kulithamangitsa.
Maikolofoni taiveka sokosi
chifukwa chiperoni akatsika
amafuna nayenso ayankhulepo.

Ndimawauza kuti Akuti alibe mudzi,
Ndamva alibe dzina,
awiriwa musawalowetse m'nkhani yanu.
Amaseka, amalemba, ena salemba.

Ndidawapatsa ntchito: mphindi zitatu,
munthu ndi chimene amadyera.
Ambiri adathamangira ku msika wa Limbuli,
adabwera ndi chinanazi, matumba a nandolo,
wakabaza wina wodzitama kuti Muloza ndi pakhomo pake,
ndi chala cha Mayeso pakona pa chithunzi chilichonse.

Edina Namathanga, amene m'kalasi mawu ake
timachita kuwatola pansi,
adaitenga kamera Loweruka m'mamawa
kukwera nayo m'mizere ya tiyi, mame mpaka m'chiuno.

Lolemba tili pa laputopu ya ahedi.
Mayi ake, dengu kumsana, pulasitiki m'chiuno,
manja akudya nsonga ngati mbuzi ziwiri.
Mawu a mwana kuseri kwa kamera:
"Mukadapanda kuthyola tiyi, mukadakhala ndani?"

Zii.

Manja okha akupitiriza.
Patali thirakitala ikutsokomola.
Ndikuwerenga pansi pa kanemayo: zisanu, zisanu ndi chimodzi,
mayi akuyang'ana kumene kulibe munthu,
zisanu ndi zitatu, zisanu ndi zinayi.

"Ndinkakhoza masamu," akutero.
Tsamba, tsamba, nsonga.
"N'chifukwa chake sikelo ija ikanama ndimadziwa."

Ine ndidakhalako pa wailesi zaka zisanu ndi ziwiri
ntchito isanathe.
Kumeneko adatiphunzitsa kuti chete ndi dzenje,
womvera akagweramo amapotokola batani.
Ndiye chala changa chidapita chokha.
"Apa tidule," ndidatero, "mayankho ayandikane."

Edina adaika dzanja lake pa dzanja langa,
chinthu chimene mwana wa Fomu 3 sachita.
"Aphunzitsi, pamenepo mpamene amayankha.
Mawuwo angobwera pambuyo."

Sindidadule.

Koma ndidamufunsa za sikeloyo.
Mayi ako anena, inde, ndipo mwina n'zoona.
Nanga kalaliki woyeza uja wanenapo chiyani?
Nkhani ya mwendo umodzi siifika patali.
Nkhope yake idagwa: "Akawachotsa ntchito?"
Pamenepo bolodi langa lidalibe yankho.
Ndidati kafunse eni mawu
ngati akufuna nkhope yawo ionekere,
kapena tisiye manja okha.

Adabwera nalo yankho Lachitatu.
Akuti (adadziluma lilime, nkuyambanso):
Mayi anga, a Felesita Namathanga, anena kuti
nkhope ndi yawo, masamu ndi awonso,
zonse zionekere.

Lero ndaima pakhonde la sitafu.
Uko akutsika njira yofiira ya ku shedi yoyezera,
Edina patsogolo, mafunso m'kope la sayansi,
Mayeso wasenza nsungwi zitatu zija,
wina wanyamula sokosi pa ndodo ngati mbendera.
Batire ili ndi timizere tiwiri tokha.
Ndaiwala kuwauza kuti kalalikiyo akakhala chete
asamuthandize,
adikire.

Koma zimenezo si ine ndidawaphunzitsa.